Mabuku a Ulendo Woyamba: Mbiri ya Kusungidwa ndi Kusowa Kwake ku Kasungu ndi m'Malawi

Buku likamatuluka koyamba m'nyumba yosindikizira silituluka lokha. Limatuluka ndi anzake mazana kapena zikwi zingapo, onse a pepala limodzi, chikuto chimodzi, ngakhale zolakwika zake zimakhala zomwezo. Amenewo akatha, wosindikiza amabwereza, ndipo pobwerezapo amakonza pena, kudula pena, kusintha chikuto, nthawi zina ndi kalembedwe komwe. Mabuku a ulendo woyambawo ndiwo amene anthu osunga mabuku akale amawasakasaka, chifukwa ndiwo amaonetsa buku monga linachokera m'manja mwa mlembi ndi monga owerenga oyamba analilandirira, anthu ena asanaikemo dzanja.

Ku America mwambo umenewu unazika mizu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1884 okonda mabuku a ku New York anakhazikitsa bungwe la Grolier Club, ndipo anthu achuma monga J. P. Morgan ndi Henry Huntington anadzaza nyumba zathunthu ndi mabuku osowa, zomwe lero ndi malaibulale otchuka. Mabuku otere amagulitsidwa pa okushoni, ndipo wogula amayang'ana tsamba ndi tsamba monga achitira wosankha fodya wopita ku Chinkhoma, poti banga limodzi limatsitsa giredi ya buku lonse. Bay Psalm Book, buku la masalimo lomwe linasindikizidwa ku Cambridge, Massachusetts, mu 1640, linatuluka pafupifupi mabuku 1,700, koma odziwika lero ndi 11 okha. Limodzi linagulidwa pa madola 14.2 miliyoni mu 2013. Kabuku koyamba ka ndakatulo ka Edgar Allan Poe, Tamerlane, ka mu 1827, kanagulidwa pa madola 662,500 mu 2009, poti otsala ndi 12 chabe. Moby-Dick ya Herman Melville inatuluka ku London mu Okutobala 1851 ndi mutu wina, yopanda gawo lomaliza, kenaka ku New York mwezi wotsatira ili yathunthu, ndipo mabuku omwe anali asanagulidwe anapsa pamene nyumba yosindikizira ya Harper inayaka moto mu 1853. Nkhani zimenezi zikuonetsa zinthu zitatu zosowetsa buku: kusindikizidwa ochepa, moto, ndi kuwerengedwa mpaka kuthetheka. Zitatu zonsezi zagwera mabuku akale a Chichewa, kungoti iwo alibe okushoni yowakwezera mtengo, ndipo owalondola ndi owerengeka.

Buku lalikulu loyamba la chiyankhulochi silinalembedwere m'Malawi. Mu 1853, pafupi ndi Mombasa, mmishonale wa ku Germany Johannes Rebmann anakumana ndi Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha dziko lino, dera la kufupi ndi Lilongwe. Awiriwo anakhala pansi kusonkhanitsa mawu, ndipo ntchito yawo inasindikizidwa mu 1877 pafupi ndi Basel ku Switzerland, Rebmann atamwalira kale, ndi mutu wakuti Dictionary of the Kiniassa Language. M'menemo muli mawu, miyambi ndi mayina a midzi monga ankatchulidwira Azungu asanafike kuno. Andrew Goodson, yemwe waphunzitsa pa Kamuzu Academy ku Mtunthama, anafufuza Chichewa cha Salimini ndipo zomwe anapeza zinatuluka mu 2011 m'buku la Steven Paas lonena za moyo wa Rebmann.

Amishoni a ku Scotland atafika mu 1875 ndi 1876, mabuku anatsatizana. Alexander Riddel anatulutsa galamala ya Chinyanja mu 1880, Robert Laws anamasulira Chipangano Chatsopano chomwe chinasindikizidwa mu 1886, ndipo George Henry anatulutsa galamala ina mu 1891. Loposa onse linali la David Clement Scott, yemwe anamanganso tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre. Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language yake, ya mu 1892, sikuti imangomasulira mawu. Pansi pa liwu limodzi Scott ankatha kulongosola mwambo wonse, masewera, msampha kapena kaweruzidwe ka mlandu. Alexander Hetherwick analikonzanso bukuli n'kulitulutsa mu 1929 ndi mutu wina, ndipo ndilo limene anthu ambiri analizolowera. Koma mabuku awiriwa si amodzi, ndipo wofuna kumva Chimang'anja cha m'zaka za m'ma 1880 ayenera kupita ku loyambalo.

Buku lomwe linalowa m'nyumba zambiri kuposa lina lililonse ndi Buku Lopatulika. Komiti yomasulira inakhazikitsidwa mu 1900 kuti mipingo yosiyanasiyana ikhale ndi Baibulo limodzi, ndipo mtolo waukulu unali pa William Hoppe Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, pamodzi ndi aphunzitsi achikuda omwe ankamuthandiza kusankha mawu. Baibulo lathunthu linasindikizidwa mu 1922. Linasindikizidwa lochuluka, komabe la ulendo woyamba n'lovuta kulipeza lili bwino, chifukwa linali buku la ntchito: linkapita ku tchalitchi, ku maliro, ku kalasi, ku Halale ndi ku Joni m'chikwama cha mwini wake, mpaka Genesis ndi Chivumbulutso kuthothoka. N'chimodzimodzi ndi Nyimbo za Mulungu, Katekisma ndi timabuku tophunzirira kuwerenga ta ku Nkhoma. Mabuku amene anakondedwa kwambiri ndiwo anatha msanga.

Kasungu analowa m'mbiri imeneyi kudzera pa mishoni ya Chilanga, yomwe inayamba pansi pa Livingstonia ndi Dr George Prentice, kenaka n'kuperekedwa ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1920. Mmodzi mwa ana amene anaphunzira kumeneko anali Hastings Kamuzu Banda. Iye anachoka kwawo cha m'ma 1915, nayenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, napitirira ku South Africa, ndipo mu 1925 anafika ku America. Ali pa University of Chicago anakumana ndi Mark Hanna Watkins, Mmerika wachikuda wa ku Texas yemwe ankaphunzira za ziyankhulo pansi pa Edward Sapir. Kuyambira mu 1930 Watkins ankakhala ndi Banda kumufunsa mawu, ziganizo ndi nthano, akulemba liwu lililonse monga likumvekera, ndi zizindikiro zoonetsa pomwe mawu akwera ndi pomwe atsika. Ntchitoyo inamupezetsa digiri ya udokotala mu 1933, ndipo mu 1937 bungwe la Linguistic Society of America linaisindikiza ndi mutu wakuti A Grammar of Chichewa, ngati buku lotsagana ndi magazini yawo ya Language.

Bukuli lili ndi malo akeake pa zifukwa zingapo. Mabuku a amishoni ankatchula chiyankhulochi kuti Chinyanja kapena Chimang'anja, ndipo ambiri anatsamira pa kayankhulidwe ka kunyanja ndi ka kummwera. Ili linaika dzina la Chichewa pachikuto zaka 31 boma lisanatero, ndipo Chichewa chake n'cha ku Kasungu. Linalembedwa ndi katswiri wa ziyankhulo, osati mlaliki, motero linasamala zinthu zomwe ena ankazilumpha, monga kusiyana kwa nthawi za aneni ndi kamvekedwe ka mawu. Chofooka chake n'chakuti linadalira pakamwa pa munthu mmodzi, yemwenso anali atakhala kunja zaka khumi ndi zisanu. Koma chofooka chomwecho chili ndi phindu lake, poti Chichewa chomwe Banda ananyamula pochoka ndi cha m'midzi ya Kasungu ya nthawi ya ubwana wake, chisanasakanizike ndi cha m'tauni ndi cha pa wailesi. Poti linatuluka ngati buku la akatswiri, linapita kwa olembetsa magaziniyo ndi ku malaibulale a mayunivesite a kunja, osati m'sitolo za mabuku za ku Nyasaland. N'zomvetsa chisoni kuti buku losunga mayankhulidwe a agogo a anthu a kwa Mwase, kwa Chilowamatambe ndi kwa Kaomba n'losavuta kuligwira ku Chicago kusiyana ndi pa boma la Kasungu.

Buku lachiwiri lokhudza Kasungu linabadwa mu ubwenzi wodabwitsa. Thomas Cullen Young, mmishonale wa Livingstonia, ndiye anayang'anira mayeso omwe Banda anachotsedwamo ali mnyamata, chinthu chomwe chinamufulumizitsa kuchoka kwawo. Patapita zaka zoposa makumi awiri anakumananso ku Britain, nagwirizana. Mu 1946 anatulutsa Our African Way of Life, momwe anamasulira m'Chingerezi nkhani zitatu za John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, zomwe zinalembedwera mpikisano wa International African Institute. Nkhanizo zimalongosola banja, ukwati, unkhoswe ndi chinamwali. Koma gawo lomwe akatswiri a mbiri amalibwerera kawirikawiri ndi mawu oyamba a Young ndi Banda, momwe akutsindika kuti Achewa ndiwo tsinde ndipo Anyanja ndi Amang'anja ndi nthambi za mtundu umodzi. Maganizo omwe anadzasanduka mfundo ya boma pambuyo pa ufulu akuoneka kale m'masamba amenewo.

Pa nthawi yomweyo Amalawi anali atayamba kulemba okha m'chiyankhulo chawo. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma wobadwa mu 1905, anapambana mpikisano wa bungwe lomwelo ndi Nthondo, buku lomwe linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira Cullen Young analimasulira n'kulitcha Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley. Nthara analembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Dowa, yomwe m'Chingerezi inatuluka mu 1949, komanso Mbiri ya Achewa, yomwe inatuluka koyamba m'kati mwa zaka za m'ma 1940 iye atayendera akuluakulu m'madera ambiri kuwafunsa za makolo ndi maufumu. Mbiri ya Achewa inabwerezedwa kangapo, ndipo mu 1973 inatuluka ku Wiesbaden m'Chingerezi cha W. S. Kamphandira Jere, ndi ndemanga za Harry Langworthy, katswiri wa ku America amene anafufuza za ufumu wa Undi ndi wa Mwase Kasungu. Langworthy ameneyu anali mdzukulutudzi wa Joseph Booth, mmishonale uja anapita ndi John Chilembwe ku America mu 1897, komwe chaka chomwecho anasindikiza kabuku kake ka Africa for the African, kenanso kosowa kwambiri lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa Joint Publications Bureau ku Lusaka, yomwe inkathandizana ndi makampani a ku Britain monga Macmillan, Longmans ndi Oxford University Press kutulutsa timabuku totchipa ta m'ziyankhulo zakuno. Kuyambira nyengo imeneyo kufika m'zaka zoyamba za ufulu kunatuluka mabuku a E. W. Chafulumira, Kalenga ndi Mnzake ya Josiah Phiri, Ntchito za Pakamwa ya E. J. Chadza, ndi Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe za John Gwengwe. Anali timabuku ta chikuto chofewa, tomangidwa ndi timawaya kapena ulusi, topangidwira sukulu. Kabuku kamodzi kankadutsa m'manja mwa ana a zaka zingapo zotsatizana, ndipo palibe amene ankaganiza zopatula kamodzi kuti kasungidwe.

Chaka cha 1968 chinadula mbiri ya mabukuwa pawiri. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti chiyankhulo cha fuko chikhale Chichewa, ndipo dzina la Chinyanja linachotsedwa pa mabuku a sukulu. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, yomwe inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Pomwe kale ankalemba c yekha anayamba kulemba ch, mau anasanduka mawu, ndipo malo a l ndi r anaikidwa lamulo. Mabuku akale omwe anapitirira kuwerengedwa m'sukulu ankasinthidwa kalembedwe powabwereza, kuti agwirizane ndi malamulo atsopano. Wowerenga wa lero amapindula nazo, koma kusinthako kumabisa m'mene mlembi ankalembera ndi chinenero cha kwawo. Apa ndipo pagona kufunika kwenikweni kwa buku la ulendo woyamba m'Malawi: si mtengo wake pa msika, koma kuti ndilo mboni yokha ya Chichewa cha nthawi yake. Ku Zambia, komwe dzina la Cinyanja ndi c wakale zinatsala, mabuku a nthawi ya Bureau akali ofanana ndi kalembedwe ka m'sukulu.

Chaka chomwecho cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu yoletsa mabuku, ndipo ilo linabweretsa kusowa kwa mtundu wina. Buku loletsedwa linkatha kumangitsa munthu, motero ena ankalitentha okha kapena kulitaya m'chimbudzi akamva kuti kukubwera chipikisheni. Mbiri ya Banda yolembedwa ndi Philip Short, ya mu 1974, sinkaloledwa m'dziko muno. Of Chameleons and Gods ya Jack Mapanje inatuluka ku London mu 1981, inachotsedwa m'sitolo ndi m'sukulu za kuno mu 1985, ndipo mlembi wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mabuku a mtundu umenewu omwe anapulumukira m'dziko momwe muno, obisidwa kudenga kapena ovekedwa chikuto cha buku lina, ali ndi mbiri yomwe anzawo ogulidwa ku London alibe.

Kuzindikira buku la ulendo woyamba kumafuna diso lodekha. Poyambira ndi kuseri kwa tsamba la mutu, komwe osindikiza ambiri ankalemba chaka choyamba ndi zaka zobwereza. Ngati pali mndandanda wa zaka, bukulo si loyamba. Timabuku ta mishoni tambiri tilibe chaka, ndipo pamenepo wofufuza amadalira zizindikiro zina. Mtengo wolembedwa m'masheleni ndi mapeni ukusonyeza kuti bukulo linatuluka kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971. Dzina la Nyasaland pa keyala ya wosindikiza likuloza nthawi ya 1964 isanafike. Kalembedwe ka c kapena ch, dzina la nyumba yosindikizira, kaya Nkhoma, Likuni, Hetherwick Press kapena Montfort, ndi mndandanda wa mabuku ena kuchikuto chakumbuyo, zonse zimathandiza. Chidindo cha sukulu kapena dzina la mwini wake lolembedwa ndi inki zimatsitsa mtengo kwa wogula wa ku New York, koma kwa wolemba mbiri ya kuno ndi chuma, poti zimaonetsa kuti bukulo linafika mudzi uti ndi chaka chiti.

Osunga mabuku akale m'Malawi makamaka ndi mabungwe. National Archives ku Zomba inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo lamulo la Printed Publications Act limakakamiza aliyense wosindikiza buku m'dziko muno kuperekako limodzi. Society of Malawi, yomwe inayamba mu 1946 ndi dzina la Nyasaland Society, ili ndi laibulale m'chipinda chapamwamba cha Mandala House ku Blantyre, nyumba ya mu 1882. University of Malawi ku Zomba ili ndi gawo lapadera la mabuku onena za Malawi. Sitolo ya Central Africana ku Blantyre inadziwika ndi kugulitsa mabuku ndi mapu akale a dera lino, ngakhale ambiri anali a Chingerezi a apaulendo ndi amishoni. Kunja, mabuku akale a Chinyanja amapezeka ku SOAS mu London, ku Edinburgh, ku Stellenbosch, ndi ku Herskovits Library ya Northwestern University, pomwe makalata ambiri a Banda ali ku Indiana University. Kudalira nyumba zochepa kuli ndi ngozi yake, ndipo dziko lino laiona kawiri: mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi zolembedwa za zaka zoyamba za utsamunda, ndipo mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, kuphatikizapo osowa onena za Malawi.

M'midzi ya m'chigwa cha fodya cha Kasungu mabuku akale amakhala m'manja mwa aphunzitsi opuma, akulu ampingo ndi mabanja a abusa, m'bokosi lachitsulo kapena m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi makalata a ubatizo ndi ziphaso za sukulu. Adani ake ndi odziwika. Chiswe chimalowa chapansi n'kudya mkati, chikuto chili chiimire. Njenjete ndi mphemvu zimakonda guluu wa kumsana, makoswe amamangira zisa, denga lodontha limamata masamba, ndipo timawaya tikachita dzimbiri timadula pepala pakati. Pepala lotchipa la m'zaka za m'ma 1950 limafiira lokha n'kumathyoka likapindidwa. Palinso njala ya pepala lenilenilo: tsamba lopyapyala limapichira bwino chingambwe, ndipo lokhuthala limakulunga zitumbuwa ndi mtedza pa msika. Mabanja a matenanti, omwe amasamuka esiteti ndi esiteti fodya akagulitsidwa, sanyamula katundu wosadyedwa. Koma nthawi yoopsa kwambiri kwa bokosi la mabuku ndi pamene mwini wake wamwalira. Pogawa chuma cha masiye anthu amawerenga njinga, ngolo, ng'ombe ndi malata. Mabuku amatsala opanda mwini, ndipo mvula imodzi kapena ziwiri zimakwana kuwamaliza.

Boma lomweli la Kasungu lili ndi malaibulale awiri omwe mbiri yake ikukhudzana ndi America. Ya Kamuzu Academy, sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere pomwe Banda anayambira kuphunzira, inamangidwa motengera Library of Congress ya ku Washington. Inayo ndi kachipinda ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, komwe William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka buku la sayansi la ku America lotchedwa Using Energy, lomwe linamutsogolera kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Nkhani yake, yolembedwa pamodzi ndi Bryan Mealer, inatuluka ku New York mu 2009 ndi mutu wakuti The Boy Who Harnessed the Wind, ndipo kuyambira pamenepo yabwerezedwa kambiri, yafupikitsidwira ana, ndi kusanduka kanema mu 2019. Monga I Will Try ya Legson Kayira, yomwe inatuluka ku New York mu 1965, ili ndi buku la Mmalawi lomwe ulendo wake woyamba unali wa ku America, ndipo mabuku ake oyamba ambiri anatsalira komweko.

Intaneti yachepetsako mtunda. Madikishonale a Rebmann ndi Scott anajambulidwa ndipo amawerengeka pa foni, ndipo galamala ya Watkins imapezeka m'nkhokwe za magazini a akatswiri. Zomwe zinajambulidwa kwambiri ndi zomwe zinali m'malaibulale a kunja, kutanthauza mabuku a amishoni ndi a akatswiri. Timabuku ta nthano ndi ndakatulo ta alembi akuno, kuphatikizapo ta Popular Publications ndi Dzuka ta m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga ta Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, tikali todalira pepala. Wofuna kudziwa zomwe zinasindikizidwa ndi chaka chake ali ndi poyambira patatu: Malawi National Bibliography ya National Archives, mndandanda wa 100 Years of Chichewa in Writing womwe laibulale ya University of Malawi inatulutsa mu 1976 wofotokoza zolembedwa za kuyambira 1875 mpaka 1975, ndi wa Steve Chimombo wa mu 1987 wonena za nthano, miyambi ndi nyimbo zomwe zinalembedwapo kuyambira 1860.